Mkono Wamanzere wa Achemwali

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndikuyankhula pano ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Atamaliza sekondale mu 1980, anakaphunzira za kasakanizidwe ka mankhwala. Mu 1986 anakwatiwa ndi alamu athu, amakaniko, amene anatsogola mu 2004.

Mu 1998 analowa ntchito pakampani yopanga mafuta odzola. Ankasenda masamba a kakitasi, chomera chaminga chija, n'kufinya madzi ake onanda, amene amasunga chinyontho pakhungu ndi kuliwalitsa. Achemwali sankalola botolo kutuluka m'chipinda chawo asanayese mafutawo pathupi pawo. Ankadzola mkono wamanzere wokha, wamanja n'kuusiya kuti azifananizira. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi zitatu, mpaka anapuma ntchito mu 2021.

Zotsatira zake munaziona nokha. Mkono wamanja unakalamba pamodzi ndi mwini wake. Wamanzere unatsala wa mtsikana, wosalala, wowala, wozizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndikudziwa zimene mwakhala mukunong'onezana, zoti mkonowo sunali wawo. Ena munaleka kuwapatsa moni wa m'manja. Kenako munayamba kumulambalala mwana wawo wamkazi, atangolowa m'malo mwawo pantchito yoyesa mafuta ija. Chimenechi ndicho chinkawaliritsa achemwali, ndipo ine chimandikwiyitsa mpaka lero.

Anayamba kudwala mtima mu Juni 2024, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 14 Januwale 2025.

Sindikubisirani kanthu. Amayi amene anasambitsa thupi anaupukuta mkono uja katatu. Mpaka m'mawa uno nsalu ya mbali imeneyo ndi yonyowa, ndipo zala zikupindika bwinobwino. Anzawo akuntchito akuti tsamba la kakitasi ukalidula limatha miyezi pashelefu lili laliwisi. Zimenezo ine sindinaphunzire. Ndikungodziwa kuti ndi mkono womwewo umene unkandinyamula ndili khanda.

Malemu asiya mwana wamkazi mmodzi, zidzukulu ziwiri, ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza anamwino, anzawo akuntchito, makamaka amayi awiri aja amene anavomera kusambitsa thupi ena onse atapeza zifukwa.

Tikachoka kumanda ife tibalalika, koma mwana wathuyu atsala pakati panu. Uyo wakhala apoyo, manja ali pamiyendo. Chiyambireni maliro palibe wamugwira dzanja. Chonde, podutsa mumupatse moni. Mukamva kuzizira, musathawitse dzanja lanu.

Achemwali, usani mumtendere, ndipo mkono wanu uuse nanu limodzi.