Mayi Eness Kafumbata, Namwino Amene Sanalowe mu Wodi

Malemu amene tikuwaperekeza lero, mayi Eness Kafumbata, a Nabanda, anabadwa pa 9 Meyi 1989 kuno ku Kawale, kumene makolo awo anakhazikika atachokera ku Dedza. Pulayimale ndi sekondale anaphunzira konkuno, ndipo analemba Fomu 4 mu 2008.

Mu 2010 apolisi anapeza mankhwala a boma, panado ndi a malungo, mu okala ya mayi awo. Tsikulo ankagulitsa ndi malemuwa. Posafuna kuti kholo lawo likagone m'chitokosi, iwo anati katunduyo ndi wawo. Amalonda anzawo a pamzere wa maokala, mwachifundo ndithu, anawalangiza kuti kukhoti munthu sulimbalimba, umangovomera, kulipira chindapusa, n'kubwerera kwanu. Anavomeradi ndipo madzulo ake anali pakhomo. Aliyense anati nkhani yatha.

Mu 2012 anamanga banja ndi bambo Leston Kafumbata, amakanika a ku Biwi. Bambowa ndi amene anawalipirira sukulu ya unamwino ndi uzamba kuyambira 2016. Malemu ankawerenga mwana ali kumsana, ndipo anakhoza bwino mu 2019.

Apa mpamene nkhani yakale ija inadzuka. Bungwe lopereka ziphaso kwa anamwino linawakaniza chiphaso, ponena kuti munthu wopezekapo wolakwa pa mlandu wa mankhwala sangamukhulupirire ndi mankhwala a odwala. Popanda chiphaso, palibe chipatala chikanawalemba ntchito. Anzawo a m'kalasi ankapita kuwodi, iwo akukazinga mandasi pa Biwi.

Sanagonje. Anachita apilo mu 2021, anakanidwa. Anachitanso mu 2023, abusa ndi aphunzitsi awo atawaikira umboni. Mayi awo omwe, ndi ukalamba wawo, anapita kukanena pamaso pa akuluakulu kuti mankhwala aja anali awo. Anayankhidwa kuti mawu a pakamwa safufuta chigamulo cha khoti. Zimenezi zinawapweteka malemu, ndipo ifenso zikutipweteka mpaka lero.

Chaka chatha anayamba kutupa miyendo, ndipo madokotala anapeza vuto la impso. Atisiya pa 14 Juni 2025 kuchipatala chachikulu cha Kamuzu, apilo yawo yachitatu isanamvedwe. Tauzidwa kuti ya munthu womwalira imangotsekedwa.

Asiya amuna awo, ana awiri, Pemphani ndi Upile, ndi mayi awo, amene mukuwaona akhala kumutu kwa bokosi.

Tikuthokoza amfumu, adzukulu, amayi a Chigwirizano ndi anamwino anzawo amene asonkha nsalu yoyera n'kukasoketsa yunifolomu dzulo. Ali moyo lamulo silinawalole kuivala. Ife tawaveka, pakuti kumene akupitako safunsa chiphaso.

Mzimu wawo uuse mumtendere.