Dzino la Ankhoswe

Pa siteji ya Mitundu, bambo wina wotupa tsaya adangoyang'ana maminibasi awiri a ku Lilongwe akunyamuka. Mayi wogulitsa nthochi pambali pake adalephera kuugwira mtima.

"Bambo, kodi simukwera?"

"Ndikwera, mayi. Ndikukazulitsa dzino, koma miyendo ikukana. Amati akazula la m'mwamba, diso limafa."

"Ndiye mwakhala mukutani nalo?"

"Ndafukiza nthula kuti mphutsi zituluke. Ndaikapo fodya. Dzulo alamu anga amati ndidonthezepo madzi a batire."

"A batire! Jakisoni mukuopa, koma asidi ayi?"

"Musandiseke. Loweruka ndine nkhoswe ya mphwanga ku Nathenje. Ndikalankhula bwanji ndi akuchikazi, m'kamwa mukununkha chonchi?"

"Tayang'anani kuno." Mayiyo adakweza mlomo. "Awiri a m'mwamba anandizula kuchipatala. Koma ndikukuonani bwinobwino, ndi thukuta lili pamphunolo."

"Zinawawa?"

"Pang'ono. Tsiku lomwelo ndinagona tulo. Inu mukugona?"

Minibasi yachitatu itaima, bamboyo adadzuka.

"Akondakitala, ndiikeni kumbuyo kwenikweni. Ndikati nditsike panjira, musandimvere."