Tsiku Limene Ndinagwira Chingwe cha Khoka

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Amayi, abambo, mwadzuka bwanji? Ine ndadzuka. Sindikungoyankha mwamwambo ayi. Ndadzukadi, ndipo ndili pano.

Ambiri nkhope yanga mumaidziwa, koma mawu anga simuwadziwa. Ndine Barnaba, mdzukulu wa agogo a Marita. Ndimakhala kumbuyo uko, pafupi ndi khomo. Kulankhula pagulu si kwanga. Mundipirire.

Makolo anga anabwerera kuno ku Chiwanga kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Sanakhalitse. Anayamba kumwalira bambo, mayi anatsatira, ine ndisanayambe sukulu. Ndinatsala ndi agogo. Agogo anga si munthu wa nkhani zambiri, mumawadziwa. Inenso chimodzimodzi. Tinkakhala awiri m'nyumba, phokoso linali la nkhuku basi.

Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuyang'ana. Ndinkayang'ana nkhope za anthu. Ndikafika pakhomo pa eni nthawi ya chakudya, ndinkadziwa ngati akundiitana ndi mtima wonse kapena ndi pakamwa pokha. Ndinkaona zonse, abale. Zonse ndinkaona, osanena kanthu.

Agogo anandiphunzitsa ndi chinangwa cha m'munda mwawo mpaka ndinamaliza desima segunda, kalasi yomaliza ija. Kenaka Mulungu anandipatsa ntchito pa pensau ina kugombe kuno, nyumba yogona alendo. Ndinayamba ndi kusesa mchenga ndi kutunga madzi. Pambuyo pake anandipatsa malaya oyera, ndinayamba kuperekera alendo chakudya patebulo. Ndinafolera nyumba ya agogo. Ndinawagulira nsapato zopitira kutchalitchi. Ndinkati basi, tapuma.

Sitinapume.

Alendo anayamba kuchepa. Tsiku lina patrau, mwini wake wa malo aja, anatiitana tonse pansi pa mtengo wa mango. Anati, "Ana anga, ndatopa. Ndikubwerera kwathu." M'mawa mwake tinapeza loko pageti.

Ndinayenda, abale. Ndinayenda. Ku Metangula ndinkapita wapansi, malaya oyera nditavala. Khomo ili, "Malo palibe." Khomo ilo, "Bwana achokapo, mubwere mawa." Mawa lake, "Simunamve? Tatenga kale wina." Ndinakwera shapa, kaminibasi kaja, mpaka ku Lichinga. Ndinagona pakhonde pa mnzanga wa kusukulu, kuzizira kwa kumtunda kuja kukulowa m'mafupa. Ndinaona nkhope ya mkazi wake, ndipo ine nkhope ndimaziwerenga. Ndinabwerako.

Pobwera, anzanga apamsewu anayamba kundiseka, kunditcha shefi, ndiye kuti bwana. "Shefi afika! Shefi, ofesi yanu mwaisiya ndi yani?" Sankafuna kundipweteka, ndikudziwa. Koma zinkalowa.

Ndinasiya kudutsa pamsewu. Kenaka ndinasiya kubwera kuno kutchalitchi. Kenaka ndinasiya kutuluka m'chipinda.

Kupemphera ndinayesa. Ndinkati, "Ambuye, munatenga bambo, munatenga mayi. Sindinafunse. Kantchito kamodzi komweka, nakonso?" Mawu ankangothera m'denga lomwe ndinafolera ndekha lija. Mvula inabwera, inapita. Mphepo ya mwera inabwera, inapita. Ine ndili pamphasa, nkhope kukhoma. Sikudwala ayi. Kutopa. Kutopa kumene tulo sitichotsa.

Masana aliwonse agogo ankaika mbale pakhomo la chipinda. Tinsomba tingapo, utaka kapena kambuzi. Ndinkadya. Sindinafunse kumene tikuchokera. Ine amene ndinkaona zonse, ndinasiya kuona.

Ndipo maganizo ena anayamba kubwera. Ndiwanena, chifukwa mwina alipo wina muno amene akumubwerera. Ankati, "Iwe ndiwe katundu. Mayi wokalamba uja anakusenza uli mwana, akusenzenso uli ndi ndevu? Ukachokapo, apuma." Poyamba ndinkawathamangitsa. Kenaka ndinayamba kuwamvera.

M'mawa wina ndinadzuka. Ndinasamba. Ndinavala malaya oyera aja. Agogo anali asanatuluke m'chipinda chawo, ndinangomva akutsokomola. Sindinatsanzike. Ndinatsetserekera kunyanja, ndinalunjika kumpoto kuja, kumiyala, kumene madzi amayamba kuzama pafupi. Sindinkapita kukasamba, abale. Sindinkafuna kubwerako.

Koma kuti ukafike kumiyala, uyenera kudutsa pamchenga. Ndipo pamchenga tsiku limenelo panali khoka la a Filipo. Inde, a Filipo omwewa, akuyang'ana pansiwa. Khoka linali litalemera, anthu okoka ali ochepa. Chingwe chinali chitatambalala kuchokera m'madzi mpaka kumtunda, chitatseka njira yanga. Ndinaima, kudikira kuti chitsike ndichidumphe.

A Filipo anakuwa. "Iwe wa malaya oyera! Waima ngati mlendo wodzajambula zithunzi? Gwira chingwe, nsomba zikuthawa!"

Sindinaganize. Munthu wobadwira kuno akamva mawu amenewa manja amapita okha. Ndinagwira.

Ndinakoka. Miyendo inali ngati ya mwana, inali itaiwala ntchito. Zikhato zinayamba kutentha. Kutsogolo kwanga bambo wina ankatsogolera kayimbidwe kokokera, enafe tikuyankha ndi mpweya. Kubwerera m'mbuyo, kusiya, kuthamangira kutsogolo, kugwiranso. Mumtima ndinkati, likangotuluka khokali ndipitiriza ulendo wanga.

Khoka linatuluka. Nsomba zinali pamchenga, zikuphiriphitha.

Mwambo wa kuno mumaudziwa. Aliyense amene wagwira chingwe amalandira ndiwo. Kaya wakoka kuyambira pachiyambi, kaya wafika kumapeto, kaya ndi wamphamvu, kaya ndi wofooka, mwini khoka samubweza chimanjamanja. A Filipo anayamba kugawa. Atafika pa ine anatapa ndi manja awiri.

"Mbale yako ili kuti?"

"Ndilibe."

"Wabwera kukhoka wopanda mbale? Sukulu inakuphunzitsa chiyani iwe?" Anthu anaseka. Kenaka anandiyang'anitsitsa. "Si iwe wa kwa a Marita? Wachita bwino kuwapumitsa lero. Dzulo ndinawaona, mawondo aja atupa."

Ndinati, "Agogo amabwera kuno?"

Amayi ena amene anali pambali anayankha. "Iii, mwana iwe! Tsiku ndi tsiku. Amakhala kumbuyo kwenikweni uko, kumene chingwe chagwa kale pansi. Sakoka kanthu. Amangochinyamula m'manja."

A Filipo anati, "Wogwira wagwira. Ine sindiyeza mphamvu. Tenga nsombazi, manja anga atopa."

Abale ndi alongo, ndinayang'ana kumbuyo kuja, kumene chingwe chinali chitaunjikana pamchenga. Panalibe munthu. Koma ndinawaona. Ndinaona agogo anga ndi ndodo yawo, akutsika kamtunda kaja pang'onopang'ono, mawondo otupa, kudzagwira chingwe chakugwa kale, kuti ine ndipeze tinsomba pakhomo la chipinda. Ine ndinkati ndikachokapo apuma. Apuma bwanji? Munthu amene amatsika kamtunda kaja m'mawa uliwonse kuti ndikhale ndi moyo, ndikanamupatsa maliro. Ndiye kupuma kumeneko?

Ndinavula malaya oyera aja. Ndinawayala. A Filipo anathiramo nsomba.

Ndinayang'ana kumiyala. Sikunali kutali. Koma m'manja ndinali ndi ndiwo za agogo, dzuwa likukwera, ndipo nsomba sizidikira munthu. Ndinatembenuka. Ndinakwera kamtunda.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akupaka mafuta m'mawondo. Nsalu yawo yopitira kunyanja anali atamanga kale m'chiuno, ndodo ili pambali. Anali atayesa kuimirira, zinakanika. Ndinaika mtolo uja patsogolo pawo. Ndinagwada. 

Anamasula mtolo. Anayang'ana nsomba. Anayang'ana malaya. Anayang'ana zikhato zanga zotupa.

Anati, "Malaya awa sadzayeranso."

Ndinati, "Inde, agogo."

Anati, "Mawa upite ndi mbale."

Mawa! Abale, ine ndinadzuka tsiku limenelo ndilibe mawa. Mulungu anandibwezera mawa kudzera pakamwa pa mayi wokalamba wodwala mawondo. Ndinkadikira kuti andiyankhe ndi ofesi. Ndinkadikira kuti andiyankhe ndi geti lotseguka. Iye anayala chingwe panjira yanga kuti ndisadutse. Alemekezeke!

Mawa lake ndinapita ndi mbale. Mkuja wake ndinapitanso.

Tsono ndisakunamizeni, muno ndi m'nyumba ya Mulungu. Ntchito ya malipiro sindinaipeze mpaka lero. Pensau ija idakali yotseka, udzu wamera pageti. A Filipo ananditenga kukhala mmodzi wa anthu awo. Ndimakoka, ndimapalasa bwato poponya khoka, akundiphunzitsa kusoka pong'ambika. Nthawi ya usipa ndimathandiza amayi kuyanika ndi kutembenuza pathandala. Masiku ena khoka limatuluka ndi ndere zokhazokha, timangoyang'anana n'kubalalika. Msana umawawa. Ndimatopa, abale. Ndimatopabe.

Maganizo aja nawo sanathe tsiku limodzi. Nthawi zina amabwera, makamaka mwera ukawomba, makoka ali pamtunda. Koma tsopano sindikhala nawo ndekha. Ndinakauza akulu a mpingo. Sanandidzudzule. Anandikhazika pansi, anapemphera nane, ndipo amabwera kunyumba kudzandiona. Akabwera maganizowo, ndimatuluka, ndimapita pamene pali anthu.

Agogo satsikanso kamtunda kaja. Amakhala pakhonde, amadandaula kuti nsomba zimene ndimabweretsa n'zazing'ono. Lero sanathe kufika kuno, mawondo. Muziwakumbukira m'mapemphero.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye pamene ine ndinadzisiya. Ndikuthokoza a Filipo chifukwa cha kukuwa kwawo. Ababa, musasiye kukuwa. Ndikuthokoza inu nonse.

Ndipo ndili ndi pempho limodzi. Maso anga anabwerera, ndikuonanso. Ndikakhala kumbuyo uko ndimaona malo amene atsala opanda eni. Pali anzathu amene anasiya kubwera, ndipo m'midzi mwathu muli zipinda zotseka masana. Musadikire kuti atuluke okha. Pitani mukagogode. Akakana kutsegula, mukawauze kuti khoka la a Filipo likusowa anthu. Akati alibe mphamvu, mukawauze kuti kumbuyo kuja kuli malo, kumene chingwe chagwa kale pansi. Agogo anga anawasiya malowo, palibe amene wawatenga.

Angobwera ndi mbale.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.