Kapini ka Opal

Pachipata cha kampani yojambula makanema ku Hollywood, anthu anali pamzere kudikira ganyu. Delbert, imvi zili mbuu, anali atavala juzi ya ana a kukoleji. Mtsikana wina kumbuyo kwake anamufunsa:

"Bambo, pa msinkhu wanuwu mudakali pasukulu?"

"Sukulu yanji, chemwali? Juziyi ndi ya ntchito. Ndinkasewera m'makanema oseketsa aja, a anyamata a m'kalabu ya kukoleji oponyana m'dziwe."

"Aja oti mnyamata akakonda mtsikana amamuveka kapini ka kalabu pachifuwa?"

"Omwewo. Ine ndinkaveka Opal, mtsikana amene ndinkasewera naye, ndipo tikaweruka kapiniko kankabwerera m'bokosi la kampani. Tsiku lina ndinagula kangakanga, kagolide, n'kumuveka akutijambula. Ndinkamukondadi, koma ndinangoti azindikira yekha."

"Anazindikira?"

"Anakavula n'kukaponya m'bokosi momwemo ngati masiku onse. Kenako anakakwatiwa kutali, ku mzinda wa Omaha."

"Bwanji simunapite kukakatenga?"

"Ndikanamuuza chiyani wosunga katundu? Akanandiseka."

"Ndiye kanatayika basi?"

"Ayi, kalipo. Sabata yatha ndinakaonera kanema ndekhandekha. Kapiniko ndinakaona m'kanemamo, pachifuwa cha mtsikana wina, holo yonse ikufa ndi phwete."