Chala Changa ndi Nyenyezi ya ku Maputo

Chaka chimene mwana wanga Esinati anabereka mwana wake woyamba ku Maputo, ine ndinali ndisanapitirirepo tauni ya Cuamba, ndipo dziko lonse ndinkaliyeza ndi nyanja ya Chiuta. Inu a lero mumaona zonse pa telefoni muli chogona, koma ife tinkaona ndi mapazi. Gwirani ukondewu uko, ndikuuzeni.

Nditafika ku Maputoko kukaona mdzukulu, Esinati anandikweza chapa, kabasi kothithikana ngati dengu la matemba, ndipo tikuzungulira bwalo lina lalikulu ndinaona chinyenyezi choyera cha mwala, cha nsonga zisanu, chitakhala pansi pakati pa kapinga. Ine chala pawindo, mawu pamwamba: "Taonani, nyenyezi ya pa mbendera yatsika!"

"Ababa, tsitsani mawu," anatero Esinati. "Amenewo ndi manda. M'katimo mwagona ngwazi zimene zinamenyera ufulu wa dziko lino."

Manda! Safunsa anadya phula, ana inu. Kwathu kuno tinakula tikudziwa kuti ukaloza manda chala chimapindika, ndipo ichi ndi chala chimene ndimasokera maukonde, chimene chinalera Esinati yemweyo. Ndinachiluma msangamsanga monga anatiphunzitsira makolo, koma mtima sunakhale pansi. Kuluma kumathandiza ukaloza manda a munthu wamba, nanga a akuluakulu a dziko lonse? Ndinaopa zedi, musaseke.

M'mawa mwake ndinaumirira kuti tibwerere ndikapepese. Tinapeza msilikali akulondera, ndipo Esinati anati anthu wamba salowamo chisawawa. Ndiye ndinavula nsapato, n'kugwada m'mbali mwa msewu pomwepo, magalimoto akudutsa, n'kuyamba kuomba m'manja. Esinati manyazi, anayang'ana kumbali ngati sandidziwa.

Msilikali uja anayandikira, ndipo atamva ndikupepesa m'Chinyanja anamwetulira. Anali mwana wa ku Mandimba kuno!

"Madala, mwalakwanji?"

"Ndaloza manda, mwanangu."

"Awa ndi manda oloza," anatero. "Anawamanga ngati nyenyezi mwadala, kuti wodutsa aliyense aone, aloze, auze mwana wake kuti ufulu sunagwe ngati mvula. Mukangodutsa osaloza, pamenepo ndiye mwawalakwira."

Ndinaseka mpaka misozi, koma misozi ina sinali ya kuseka. Ndinakumbukira achimwene anga amene tinawaika m'tchire pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, mofulumira, popanda mwala kapena chizindikiro, ndipo lero palibe angaloze pamene anagona, ngakhale ine amene ndinakumba nawo.

Chala ndi ichi, chowongoka bwinobwino, chikusokabe. Choncho mukadzafika ku Maputo, musakathere m'masitolo mokha, mukaione nyenyeziyo ndipo mukailoze mosaopa. Koma musanapite, khalani pansi ndikuuzeni dzina la achimwene angawo, muligwire, poti manda awo atsala m'kamwa mwanga mokha.