Timu ya Kochi pa Kompyuta

Kochi wa timu ya mpira anatha zaka akuuza aliyense kuti ngati m'nyumba mwake mulibe mwana, vuto ndi la mkazi wake. Tsiku lina kuchipatala, mkaziyo ali chigonere m'chipinda china madokotala atamutenga dzira, kochi anaitanidwa mu labu, momwe mayi wina wa magalasi ankayeza mayendedwe a mbewu za abambo kuti asankhepo kamodzi kolowetsa m'dziralo.

Pa kompyuta timbewu tinali piringupiringu ngati mbululu, kalikonse kakusiya kamzere m'mbuyo. Mtima wa kochi unangoti myaa.

"Eee! Taonani liwiro! Anyamata angatu amenewa!"

"Bambo, khalani kaye pansi."

"Kochi sakhala pansi timu ili m'bwalo. Uyo wakumanzereyo mwamuona? Njomba zokhazokha!"

"Kakungozungulira malo amodzi. Kotere sitisankha."

"Akufuna mpata ameneyo!"

"Mulibe mpata muno, bambo. Ndi kadontho."

Kochi anapukusa mutu. Kukangana ndi munthu wosadziwa mpira n'kutaya malovu.

"Nanga inu mumasankha bwanji?"

"Kompyuta imayeza liwiro ndi kuwongoka kwa mzere. Timangofuna kamodzi."

"Ndi zomwe ndimanena ine! Wochedwa ndimamukhazika pa benchi, kaya akhale mwana wa mlongo wanga." Anapisa m'thumba n'kutulutsa wezulo. "Iwe wapakati, dzuka!"

"Tilibe makutu timeneti."

"Osewera onse amatero."

"Bwezani wezulo m'thumba. Anthu agona."

"Adzutseni! Itanani akazi anga adzaone okha. Alamu anga aja ankanong'ona kuti ndinagwa m'papaya. Munthu wogwa m'papaya angakhale ndi timu yotere?"

Mayi uja anakonza magalasi. "Si zanu izi, bambo."

"Mwati chiyani?"

"Ndi vidiyo yophunzitsira. Timaonetsa aliyense kuti adziwe momwe mbewu zamphamvu zimayendera."

"Aaa! Bwanji osanena?"

"Ndinati khalani kaye pansi. Zanu ndi izi."

Anadina batani. Kochi anasuzumira, anapukuta m'maso, anasuzumiranso. Timbewu tinalipo ndithu, koma tili duu.

"Mwaimitsa vidiyo?"

"Ayi. Ikuyenda."

"Kapena ali pa hafu taimu?"

"Sitikhala ndi hafu taimu."

Apa kochi anakhala pansi popanda womuuza. Anakumbukira mkazi wake akumwa mankhwala owawa chaka ndi chaka, akunyozedwa ndi apongozi. Manyazi anamugwira, ndipo anachita mantha kuti dzira lija lingopita pachabe chifukwa cha iye.

Kenaka pakona penipeni kambewu kamodzi kanagwedeza mchira n'kuyamba kukwawa, mwapang'onopang'ono ngati nkhalamba ikukwera chitunda.

"Mayi," ananong'ona, akuloza ndi chala, "uyo akuyenda."

"Ndakaona. Mzere wake ndi wowongoka. Kangathe kugwira ntchito, poti timakalowetsa m'dzira ndi kasingano."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

"Ndi kochedwa. Mwati wochedwa mumamukhazika pa benchi. Ndikasiye?"

Kochi anadzambatuka, wezulo n'kugwera pansi.

"Inu mayi, mpira mumaudziwa inu? Kuthamanga si kufika. Mlowetseni mwana wangayo!"