Ndinakomoka M'munda wa Tiyi, Yankho Ndinalipeza pa Bedi Loyandikana Nalo

Moni abale ndi alongo nonse amene mumatsata tsamba langa lino. Lero sindikamba za kudulira tiyi kapena za feteleza, ndabwera ndi umboni, ndipo mtima wanga ukudumphadumpha pamene ndikulemba. Ambiri mumandidziwa kuti Mayi wa Tiyi, koma dzina langa ndine Edina Namakhwa, ndimakhala kuno ku Thyolo. Vuto limene Mulungu anandichotsamo si la njala kapena ulova ayi. Linali vuto losowa nthawi, ndipo linatsala pang'ono kundipha.

Ndinagwira ntchito ya ulangizi pa esiteti ina kwa zaka zambiri, mpaka pamene kampani inachepetsa antchito ine nkukhala mmodzi wa ochotsedwa. Sindinakhale pansi. Ndinatsegula nazale ya mbande za tiyi kuseri kwa nyumba, nkuyamba kulangiza alimi ang'onoang'ono amene amalima tiyi m'minda yawoyawo. Ntchito inabwera ndithu, koma inabwera ngati madzi osefukira. Foni inkayamba kulira ndisanasukusule. Wina ku Thekerani akuti masamba akufiira, wina ku Changata akufunsa ngati nthawi yodulira yakwana, wina ku Khonjeni akufuna ndikaone malo asanagule mbande. Ine ndinkangoti ndikubwera, nkukwera kabaza.

Chimene chinkandidyera nthawi kwambiri ndi chakuti kulikonse kumene ndafika ndinkayamba ndadzifotokoza kaye. Ndine ndani, ndinaphunzira kuti, ndinagwira pati. Abambo ena ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osakhulupirira kuti mzimayi angawauze za tiyi. Ndinkatha theka la tsiku kuwatsimikizira, kenako funso lenilenilo nkuliyankha m'kanthawi kochepa. Kangapo konse ndinadutsa zitunda za ku Thekerani, msana ukuwawa pa njinga yamoto, nkukapeza kuti munthuyo amangofuna kuona nkhope yanga, alibe nkomwe ganizo logula.

Kunyumba ndinasanduka mlendo. Amuna anga, bambo a Tadala, ndi aphunzitsi a kupulayimale, ndipo ndi anthu ofatsa, koma tsiku lina anandiuza kuti, "Mayi a Tadala, alimi a Thyolo yense ali ndi mlangizi, koma nyumba ino ilibe mayi." Mawuwo anandipweteka chifukwa anali oona. Pa Sabata ndinkapita kutchalitchi thupi lokha, pemphero lili mkati ine ndikuwodzera, foni ikunjenjemera m'chikwama.

Tsiku lina m'nyengo yotentha ndili m'munda wa mlimi wina ku Khonjeni, ndinawerama kuti ndione mizu ya tiyi wofota. Poweramuka ndinangoona mdima. Ndinatsitsimuka ndili kuchipatala cha mishoni, dzanja lili ndi diripi. Adokotala anandiuza mosabisa kuti magazi anga akuthamanga koopsa, ndipo ndikapitiriza moyo umenewu chotsatira ndi sitiroko. Anati ndipume, ndichepetse maulendo.

Abale, ndinalira. Kupuma ndinkakufuna, koma ndikapuma alimi anga apita kwa wina, mbande zikulira m'nazale popanda wogula, zonse zimene ndinamanga zigwa. Ndikapanda kupuma, Tadala wanga akula wopanda mayi. Ndinatembenukira kukhoma nkupemphera pemphero lalifupi kwambiri m'moyo wanga. Ndinati, "Ambuye, ntchito munandipatsa, zikomo. Tsopano ndipatseni nthawi."

Yankho linali litagona pa bedi loyandikana ndi langa. Anali mayi wina wonenepa, woseka kwambiri, a Chikopa a ku Luchenza, amene amaphika zakudya za pa maukwati ndi misonkhano. Anathyoka mwendo pa ngozi ya minibasi, ndiye anali m'chikhakha mpaka m'ntchafu. Ngakhale ndinali wodwala, foni yanga sinaleke kulira, ndipo ine sindinaleke kuyankha. A Chikopa anandimvetsera tsiku lonse, kenako anati, "Achemwali, ine tiyi ndimangomwa, koma pofika pano ndadziwa kale nthawi yodulira. Funso limodzimodzilo mwayankha kuyambira m'mawa. Simutopa?"

Ndinaseka koyamba chigonekedwereni. Ndinawafunsa kuti nanga iwo bwanji foni yawo ili zii, bizinesi yaima? Anandipatsa foniyo kuti ndione ndekha. Anali ndi tsamba pa intaneti lokhala ndi dzina limodzi, chithunzi chawo atavala epuloni, ndi zithunzi za ntchito zimene anagwira. Pamwamba penipeni analembapo zimene amaphika, madera amene amafika, ndi njira yowapezera. Anthu amene anawaphikira anali atalembapo mawu oyamikira. Ali chigonere choncho, ukwati wa Loweruka lotsatira unali utakonzedwa kale, atsikana awo antchito akudziwa chochita.

"Munthu akamandiimbira amakhala atandidziwa kale," anatero. "Safunsanso kuti ndine ndani. Inu mukuyenda ndi miyendo pamene dzina lanu likanatha kukuyenderani."

Ndinakana poyamba. Ndinati ine ndine mayi wa mpingo, zodzijambulajambula nkumadzionetsa pagulu si khalidwe limene ndinakula nalo. A Chikopa anandiyankha kuti sakunena zoonetsa nsalu kapena tsitsi, akunena zoonetsa ntchito. Anati ndisankhe chinthu chimodzi chimene ndikufuna anthu azindidziwa nacho, ndisasakanize ndi ndale kapena nkhani za maliro, ndipo ndizilankhula momwe ndimalankhulira ndi mlimi m'munda. Dzina loti Mayi wa Tiyi anandisankhira ndi iwowo, pakuti m'wodi monse anamwino anali atayamba kale kunditchula choncho. Tsamba langa tinalitsegula pomwepo, iwo mwendo uli m'mwamba, ine diripi ili padzanja, anamwino akutiseka.

Nditatuluka m'chipatala ndinawafotokozera bambo a Tadala. Ndinkaopa kuti akana, koma anangoti, "Ngati zikusungeni pakhomo, foniyo ndigwira ndine." Kanema woyamba tinajambula kuseri kwa nyumba, ine ndikusonyeza kadulidwe koyenera ka tiyi ndi mpeni wodulira. Sanali wokongola ayi. Tambala wa aneba analira pakati penipeni, ndipo chala cha amuna anga chinatchinga pakona. Ndinafuna kufufuta, koma a Chikopa anandiuza pafoni kuti ndiponye momwemo. Ndinapemphera, nkuponya.

Zimene zinachitika sindinaziyembekezere. Alimi anayamba kutumizirana kanemayo m'magulu awo a pafoni. Amene alibe foni yaikulu ankaonera kwa anzawo podikira kuyezetsa masamba pa sikelo. Mayi wina wa ku Changata anapempha kuti ndibwerezenso m'Chilomwe kuti apongozi ake amve bwino, ndipo ndinatero mosangalala, pakuti ndi chilankhulo cha amayi anga chimene ndinkangochigwiritsa ntchito pakhomo. Onyoza analipo, wina analemba kuti mzimayi uyu akufuna kutchuka. Zinandiwawa tsiku limenelo, koma ndisanaganize choyankha, alimi eni ake anali atamuyankha kale.

Kuchokera apo, funso lililonse limene linkabwera kawirikawiri ndinkalisandutsa kanema wamfupi. Kathiridwe ka feteleza mvula ikayamba, kasamalidwe ka mbande zongowokedwa kumene, chiswe, kathyoledwe ka masamba koti asakanidwe ku fakitale. Munthu akafunsa, ndimangomutumizira kanemayo, iye nkuonera mobwereza mmene angafunire, ine ndili pakhonde kumwa mankhwala anga. Wa tiyi wodwala amayamba watumiza chithunzi, ndipo nthawi zambiri chithunzicho chimakwanira. Ndinalembanso pamwamba pa tsamba kuti ndimayenda Lachiwiri ndi Lachinayi basi, dera limodzi pa tsiku, ndipo kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Sabata litatha foni imakhala yotseka. Ndinkaopa kuti anthu akwiya. M'malo mwake anayamba kusonkhana okha, kuti ndikafika ndipeze gulu lonse pamunda umodzi.

Ndikukumbukira ulendo wanga woyamba wa ku Thekerani nditachira. Ndikutsika pa kabaza, bambo wina wachikulire amene sindinawaonepo anavula chipewa nkunena kuti, "Takulandirani Mayi wa Tiyi, tiyeni mukaone ngati ndadulira mmene munanenera." Panalibe kufunsa za sukulu yanga, panalibe kundiyeza ndi maso. Tinalunjika kumunda, ndipo tiyi wawo anali atadulidwa mosalala ngati tebulo. Ndinaima pamenepo misozi ikulengeza, iwo nkudabwa kuti mwina alakwitsa. Ntchito imene kale inkanditengera tsiku lathunthu inatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ndinabwerera kunyumba kukadali kowala.

Mulungu sanalekere pomwepo. Atsogoleri a kalabu ina yaikulu ya alimi anandiimbira kuti ndiziphunzitsa mamembala awo nyengo iliyonse isanayambe. Ndinafunsa ngati akufuna ndibweretse mapepala anga a sukulu, wapampando anaseka nkuti akhala akundionera kwa miyezi, akudziwa kale zimene ndimatha. Mbande za m'nazale tsopano anthu amasungitsiratu mvula isanagwe. Ndipo chimene chinandiseketsa koposa, esiteti ina inandiitana kuti ndikaphunzitse akapitawo awo, ine yemwe uja ndinatuluka pa geti la esiteti ndi katundu pamutu.

Sindikunena kuti zonse ndi zofewa. Bandulo imadula, netiweki kwathu kuno imathawa kukachita mitambo, ndipo masiku ena ndimakwera kachitunda ka kuseri kwa tchalitchi kuti kanema apite. Mankhwala ndikumwabe tsiku ndi tsiku. Koma ulendo wapitawu adokotala atandiyeza anamwetulira, nkundifunsa kuti ndasintha chiyani. Ndinawauza kuti ndinasiya kuthamanga, dzina langa ndi limene likuthamanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losakongoletsa la mzimayi wotopa. Ndikuthokoza bambo a Tadala, amene tsopano amajambula mwaluso moti aphunzitsi anzawo amawabwereka. Ndikuthokoza a Chikopa, amene pano akuyenda bwinobwino ndipo ndi mchemwali wanga weniweni. Mwezi watha anabwera kudzacheza, ndinawapatsa mbande zingapo kuti akabzale, iwo nkuti asandivutitsa ndi mafunso, akaonera pa tsamba.

Kwa inu anamwino, aphunzitsi, amakaniko, osoka, alangizi anzanga, nonse amene mukugwira ntchito mpaka kuiwala kudya, ndikuti musataye mtima, ndipo musadikire kukomoka ngati ine. Luso limene Mulungu anakupatsani liikeni poti anthu alione, lizikulankhulirani pamene inu mukupuma. Pempherani, ndipo yankho likabwera musalinyoze chifukwa cha kumene lachokera. Langa linabwera ndi mwendo wothyoka.

Ndalemba umboniwu Lachisanu masana, ndipo ndikuulekeza apa chifukwa Tadala akundidikira, tikupita limodzi kokonzekera nyimbo za kwaya. Mawa ndikuimba kutsogolo, mawu oyamba. Mulungu akudalitseni nonse, ndipo akupatseni nthawi.